Mmene a Kamtedza Anakonzera Munda wa Njuchi

Mu ufumu wa Chiphamaso munthu akhoza kufa ndi njala, koma sangafere pabwalo losasesa. Anthu a kumeneko ali ndi mwambo wawo umene amautcha Chilambulo. Zikangomveka kuti Mfumu ikubwera, chilichonse chimene chamera chimatchetchedwa, chimene chagwa chimasesedwa, ndipo chimene chakana kusuntha chimapakidwa laimu. Miyala ya m'mbali mwa msewu, zitsa, zulu, mitengo kuyambira pansi kulekeza m'chiuno, zonse zimayera mbee. Amati diso la Mfumu ndi lanthete, siliyenera kugundana ndi tchire. N'chifukwa chake Mfumu Salakwa Wachiwiri, mwana wa Salakwa Woyamba amenenso sanalakwepo, inafika pomera imvi ikukhulupirira kuti m'dziko lake mitengo imabadwa itavala sokosi zoyera.

Pa boma la Sesani, mwini wake wa ntchito imeneyi anali a Yotamu Kamtedza, Mkulu wa Chilambulo. Anali bambo wamfupi, wa kamimba kotsogola, wokonda suti ya kaki. Chikwakwa chawo ankachipachika muofesi pansi pa chithunzi cha Mfumu, ndipo ankachinola ngakhale m'chilimwe udzu kulibe. Anthu ankasimba kuti chaka china, Mfumu ili pafupi kufika, a Kamtedza anapeza mlonda akuwodzera atatsamira mtengo, ndipo m'malo momudzutsa anangomupaka laimu mpaka m'mawondo. Eni ake nkhaniyi sankaikana. Ankangoti munthuyo anaoneka bwino.

Ntchitoyi inali ndi nyumba yake, ya malata ofiira, ya khonde lalikulu, mpope wa madzi uli pakhomo pomwepo. Mtima wa a Kamtedza unali panyumba imeneyi, chifukwa ndiyo inawachotsa kuchikamwini. Ali mnyamata anakwatira Nazimbiri wa m'mudzi wa Dikirani, nakhala komweko akulima munda wa apongozi, mlamu wawo Filimoni akuwalozera poyambira ndi polekezera. Tsiku limene anasamukira ku boma, anaima pakati pa mudzi n'kulumbira anthu onse akumva.

"Mukadzandionanso nditawerama m'munda wa kuno, mudzandilavulire!"

Filimoni anangoseka. "Yendani bwino, alamu. Mundawu suthawa, tikusungirani."

Mawu amenewo a Kamtedza sanawaiwale. Kuchotsedwa ntchito ankakuopa kuposa imfa, pakuti wakufa sabwerera kwa Dikirani akuyenda yekha, katundu ali pamutu.

Tsono chaka china Mfumu inapita kutsidya la nyanja kumsonkhano wa mafumu, ndipo itabwerako inaitanitsa nduna zonse ndi akuluakulu a m'maboma ku likulu la Tionekere. A Kamtedza anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, manja ali okonzeka kale kuomba.

"Anthu anga," inatero Mfumu, "kuyenda n'kuona. Kunja kuja ndamva kuti kuli kachilombo kotchedwa njuchi."

Nduna zinayang'anana modabwa. Nduna ya Zaulimi, imene diso lake linali lotupa poti njuchi inali itailuma m'mawa womwewo, ndiyo inadabwa kuposa onse.

"Kachilombo kameneka," Mfumu inapitiriza, "pamodzi ndi agulugufe ndi anzawo ena, ndiko kamanyamula mungu kuchoka paduwa ili kupita paduwa ilo. Popanda iko mbewu zambiri sizibereka. Mafumu anzanga onse ali ndi minda ya tizilomboti. Atandifunsa kuti yanga ili kuti, ndinawauza kuti ili paliponse. Ndiye popeza ine sindinama, mindayo iyenera kupezeka."

Anthu anaomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa padenga. Kenaka a Gwadani, Nduna ya Zaulemu, amene mathalauzi awo onse anali operepeseka m'mawondo, anakwawira kutsogolo n'kulengeza lamulo. Nyumba iliyonse ya boma, kaya khoti, kaya positi ofesi, kaya chimbudzi cha pamsika, izunguliridwe ndi Munda wa Makolo. M'mundamo mukhale zomera za m'dziko momwemo zokhazokha, zimene njuchi zimazidziwa kuyambira kale. Aliyense wothyola tsamba limodzi achotsedwe ntchito, ndipo atuluke m'nyumba ya boma dzuwa lisanalowe. Oyang'anira mindayo akhale Akulu a Chilambulo, poti iwowo ndiwo amadziwana ndi tchire.

A Kamtedza anaomba m'manja ngati anzawo. Kumeneku kunali kusungitsa fisi mbuzi, ndipo fisiyo ankadzidziwa yekha.

Panatsala funso limodzi lokha, loti zomera za makolozo zikapezeka kuti. Nduna zinakangana mpaka madzulo. Ina inati aitanitse kunja, poti zinthu zakunja ndiye zolimba. Ina inati ayi, ayambe atumiza akatswiri kutsidya la nyanja kuti akaphunzire kuti zomera za ku Chiphamaso ndi ziti. Maganizo achiwiriwa ndiwo anapambana, ndipo mwamwayi nduna zonse zinapezeka kuti ndi akatswiri. Zinanyamuka sabata yomweyo.

Nduna zili kunja, mvula inagwa, ndipo zomera za makolo sizinadikire kuti akatswiri abwere. Pabwalo la boma la Sesani, pamene kwa zaka zambiri pankangooneka mizere ya tsache, panatuluka bonongwe, luni, chisoso ndi denje. Mpungabwi unadzaza kuseri kwa khoti, fungo lake n'kumafika mpaka pampando wa woweruza. Timitengo ta mthethe ndi chitimbe, timene a Kamtedza ankatidula mutu chaka ndi chaka, tinaphukira pazitsa. Pampanda wa waya panakwera chitedze n'kulendewetsa makoko ake aubweya aja, amene aliyense wokula bwino amawalambalala.

Masabata oyamba a Kamtedza anangotsala pang'ono kudwala. Manja ankawayabwa. Podutsa pabwalo ankayang'ana kumwamba ngati akufunafuna mvula. Pomaliza anatsekera chikwakwa mukabati, kiyi n'kupatsa mkazi wawo kuti asunge, monga achitira munthu amene akufuna kusiya kachasu.

Kenaka maluwa anamasula, ndipo alendo anayamba kufika. Njuchi zinkalira kuyambira m'mawa, moti makalaliki anasiya kuyatsa wailesi. Agulugufe oyera, achikasu ndi amawangamawanga ankalowa mpaka muofesi ya msonkho, kumene munthu salowa mwa kufuna kwake. Bemberezi anaboola nyumba yake m'mtanda wa khonde. Kunabwera atimba, mpheta ndi abuluzi, ngakhalenso bilimankhwe amene anasankha kukhala pachikwangwani cha boma, ndipo anthu odutsa ankamupatsa moni kuti olemekezeka.

Tsiku lina masana a Kamtedza anangozindikira atakhala pamwala pakati pa mpungabwi, chinangwa chili m'manja chosalumidwa, akuonerera njuchi ikulowa m'duwa n'kutuluka miyendo ili yachikasu. Anamva kukoma mumtima. Anachita manyazi kwambiri, nacheuka uku ndi uku kuopa kuti mwina wina wawaona. Mawa lake anabweranso pamwala womwewo, mkuja wakenso chimodzimodzi.

Kumsika wa Manong'onong'o nkhani inali ya maungu. Nazimbiri anali ndi kamunda kuseri kwa nyumba ya malata ofiira ija, ndipo zaka zonse maungu ake ankangochita maluwa, chiluwe chambirimbiri, kenaka tizipatso n'kuyoyoka tisanakule. Chaka chimenechi anabereka moti ankawatuta pa wilibala. Nkhaka, mavwende ndi mphonda zinali mbwee pabenchi lake ndi pamabenchi a onse olima pafupi ndi boma.

"Amayi inu, mwapita kwa sing'anga uti?" anafunsa a Dzoole, ogulitsa nkhata zamaliro za maluwa apulasitiki, amene benchi lawo linayang'anizana ndi la Nazimbiri.

"Sing'anga wake ndi uyu," anayankha Nazimbiri akugwedeza kiyi amene anamumanga pansonga ya chitenje. "Ndangotsekera chikwakwa cha amuna anga basi."

"Ndiye kuti boma likasiya kugwira ntchito zinthu zimayenda," anatero mayi wina wogulitsa usipa.

"Tsitsani mawu, mayi," anatero a Dzoole. "Akamva kuti zikuyenda abwera kudzakonza."

Ndipo anabweradi. Mvula itayamba kukata, wailesi inalengeza kuti Mfumu Salakwa idzayendera Munda wa Makolo wa pa Sesani, umene mbiri yake inali itafika ku likulu. Kutatsala tsiku limodzi, a Gwadani anatsogola m'mamawa kudzaona ngati zonse zili m'malo. Atatsika m'galimoto anangoima chilili, kukamwa kuli yasa.

"Kamtedza! Tchire ili n'lachiyani?"

"Ndiwo Munda wa Makolo umenewu, bwana Nduna."

"Mfumu ikubwera mawa, iwe osalambula?"

"Bwana, lamulo likuti wothyola tsamba limodzi achoke."

"Inde, achoke."

"Ndiye ndisatchetche?"

"Mwambo ukuti Mkulu wa Chilambulo amene waonetsa Mfumu tchire achoke. Kapena waiwala?"

"Ndiye nditchetche?"

A Gwadani anawayang'ana mwachifundo. "Kamtedza, wakalambira m'boma koma boma sukulidziwa. Ine ndakuuza malamulo onse awiri momveka bwino. Zoti uchite chiyani, zimenezo si za unduna wanga." Atatero anakwera galimoto n'kupita kukapumula kunyumba ya alendo.

A Kamtedza anathamangira kumsika thukuta lili kamukamu. Anapeza mkazi wawo akusanja nkhaka m'milu.

"Mayi a Mtisunge, ndipatseni kiyi uja."

"Mukufuna mukatani naye, bambo a Mtisunge?"

Anafotokoza zonse, mawu akupunthwana. Nazimbiri anamvetsera osasiya kusanja.

"Mfumu inapempha tchire," anatero. "Ipatseni tchire lakelo. Mlendo akapempha therere sum'phera nkhuku."

"Inu simukudziwa. Mfumu chibadwire sinaonepo udzu wopitirira m'kakolo. Ikangodzidzimuka, ine ulendo wa kwa Dikirani."

"Kwa Dikirani kumakhala anthu, si kumanda."

"Kumakhala Filimoni."

"Nanga mukatchetcha, si ulendo womwewo? Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Sankhani limodzi mubisalemo."

"Ndingotsegula kanjira kokha," anachonderera a Kamtedza. "Kanjira kakang'ono koti Mfumu idutsepo. Mwambo usangalale, lamulo nalo lisaone."

Nazimbiri anamasula mfundo ya chitenje. "Zidakwa zonse zimayamba ndi kulawa," anatero, koma kiyi anapereka.

Chikwakwa chitangokhala m'manja mwawo, a Kamtedza anamva magazi akubwerera m'thupi. Anatsegula kanjira kuchokera pageti kukafika pamasitepe, kowongoka bwino. Ataima kuti akaone, anapeza kuti mbali ya kumanja chisoso chapendamira m'njiramo, ndiye anachimeta pang'ono. Tsopano kumanzere ndiko kunaoneka kotalika, ndiye anametako. Kanjira kanasanduka msewu. Msewu wa Mfumu wopanda miyala yoyera m'mbali ndi chipongwe, choncho anaitanitsa ndowa ya laimu.

Anthu odutsa ataona Mkulu wa Chilambulo ali pantchito, sanafunse kanthu. Ku Chiphamaso mwana amadziwa kulambula asanadziwe kupereka moni. Amesinjala, makalaliki, apolisi, amayi a kwaya, aliyense anathamangira kwawo kukatenga chikwakwa, khasu kapena tsache. Wina anayambitsa nyimbo. A Kamtedza anali patsogolo, jekete atataya uko, akuzunguza chikwakwa ngati mnyamata, ndipo tisanamizane, anali osangalala kuposa tsiku la ukwati wawo. Mpungabwi unagwa, luni anagwa, timitengo tija tinadulidwanso mutu, chitedze anachigwetsa pampanda ndi mitengo n'kuchikokera pakati pa bwalo. Njuchi zimene zinamanga m'mphako ya mtengo wa pakhoti anazifukiza ndi utsi, poti panalibe wozilangiza kakhalidwe ka pamaso pa Mfumu. Zinyalala zonse anazitentha kuseri kwa ofesi.

Dzuwa litapendeka, a Kamtedza anaima pamasitepe akupukuta thukuta. Bwalo linali mbee, mizere ya tsache itagona bwinobwino monga kale. Apo ndi pamene anazindikira kuti kuli zii. Sipankamveka njuchi ngakhale imodzi. Mwala umene ankakhalapo masana uja unali utapakidwa laimu, ndipo anaupaka anali iwo omwe. Chisoni chinawagwira, ndipo pambuyo pa chisonicho panabwera mantha. Mfumu inali kubwera kudzaona munda, ndipo munda kunalibe.

Koma munthu wokulira ku Chiphamaso sasowa chochita ndi bwalo loyera. A Kamtedza anabwerera kumsika, ndipo ulendo uno sanayang'ane kumene kunali mkazi wawo. Analunjika pabenchi la a Dzoole.

"Nkhata zonsezi ndatenga."

"Pepani, bwana. Ndani watisiya?"

"Palibe wamwalira. Ndi za munda."

A Dzoole anayang'ana utsi umene unkafuka kuchokera ku boma. "Ayi, maliro alipo ndithu," anatero, n'kuyamba kulongedza.

Nkhatazo anazimasula, maluwa apulasitiki n'kuwazika m'mizere yowongoka, ofiira paokha, oyera paokha. Agulugufe anawadula pansalu yokhayo imene inalipo yambiri pa boma, yokhala ndi nkhope ya Mfumu, n'kuwamangirira ndi ulusi, moti gulugufe aliyense anali ndi diso kapena mphuno ya Mfumu paphiko. Amayi a kwaya anauzidwa kuti mawa akabisale kuseri kwa khoti, azikalira ngati njuchi osatsegula pakamwa.

M'mawa mwake Mfumu inafika ndi mdipiti wa magalimoto. Inatsika pang'onopang'ono itavala magolovesi ndi chipewa cha ukonde kumaso, pakuti njuchi inkazikonda pozinena pokha, koma kukumana nazo inkaopa koopsa. Inakwera pansanja imene anaikonzera, n'kuyang'ana mizere ya maluwa. Inatchera khutu kuseri kwa khoti.

"Zikumveka," inatero. "Koma bwanji sizikuoneka?"

A Kamtedza anacheukira kugeti. M'maso mwawo munabwera msewu wa kwa Dikirani, iwo ali pamenepo, matilesi ali pamutu. Koma a Gwadani anali atagwada kale.

"Mwinidziko, njuchi za kuno n'zoleredwa bwino. Zamva kuti mwafika, ndiye zapatuka. Kwathu kuno wamng'ono saima pamaso pa wamkulu."

Mfumu inavula chipewa chija, nkhope ili yowala. "Za kunja zija zinalibe mwambo," inatero. "Ina inanditera pamphuno ndikulankhula."

Nthawi yomweyo kunadutsa kamphepo. Chitedze chinali chitapsa dzulo lake, koma ubweya wake unatsalira m'fumbi la pabwalo, ndipo kamphepoko kanaugawira onse amene anaima pansi. Kukanda pamaso pa Mfumu n'koletsedwa. Ndiye anthu anayamba kugwedeza mapewa, kupotokola ziuno, kupondaponda, ena kukhulana misana ndi anzawo. Kuseri kwa khoti kulira kwa njuchi kunakwera mpaka kunayamba kufanana ndi kwa pamaliro. A Kamtedza anaima njo, misozi ikutsika, m'khwapa muli moto.

"Nanga gule uyu ndi wanji?" inafunsa Mfumu ili pamwamba, pamene fumbi silinkafika.

"Gule wa njuchi, Mwinidziko," anayankha a Gwadani akudzikhula pamwendo wa nsanja. "Wa makolo."

Mfumu inakondwa kwambiri. Inaimirira n'kutambasula manja.

"Ndayenda maiko ambiri, koma munda ndi uwu. Maluwa osafota, njuchi zosaluma, tchire laukhondo! Ndikulamula kuti minda yonse ya boma ikhale ngati uwu. Ndiponso Chilambulo chifike m'mbali mwa minda ya anthu, m'madambo ndi m'mapiri, kuti njuchi za m'dziko langa zizolowere kukhala pabwino. Kamtedza, bwera kuno."

Inawaveka mendulo pachifuwa. Kansonga ka pini kanawalasa pang'ono pamene pankayabwa, ndipo chimenecho chokha ndicho anakondwera nacho tsiku limenelo. Atafika kunyumba anaonetsa mkazi wawo menduloyo. Nazimbiri anaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati imaphikidwa ndi nsinjiro kapena yokha.

Lamulo lachiwirili linayenda mwachangu kuposa loyamba, chifukwa linagwirizana ndi manja a anthu. Dziko lonse linametedwa mpala. A Dzoole anatsegula fakitale, ndipo kwa kanthawi anthu ankaikidwa m'manda opanda nkhata poti maluwa onse anali atapita ku boma. Njuchi zinasamukira ku ufumu woyandikana nawo wa Zisiyeni, kumene anthu ake amatchuka ndi ulesi wotchetcha.

Dzinja lotsatira chiluwe chinamasula monga mwa masiku onse, koma tizipatso tinayoyoka. Kumsika wa Manong'onong'o dzungu linasanduka nthano, anthu ankangogulitsana masamba ake. Zikanathera komweko, pakuti kudandaula kwa kumsika sikukwera masitepe a ku Tionekere. Koma tsiku lina patebulo la Mfumu panasowa vwende, chipatso chimene inkachikonda ikatha kudya, ndipo nduna zonse zinaitanidwanso. Ulendo uno a Kamtedza anawakhazika kutsogolo chifukwa cha mendulo, ndipo sanakhale momasuka. Ankadziwa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nduna ya Zaulimi inafotokoza mogwada kuti njuchi zathawa ntchito osatsanzika.

"Nditazikonzera minda yokongola chonchija?" inakalipa Mfumu. "Zosayamika! Zichotsedwe ntchito zonse, kuyambira lero."

Anthu anaomba m'manja.

"Koma ntchitoyo siingaime. Kunja kuja ndinamva kuti munthu akhoza kutenga nthenga, kukhudza duwa ili, n'kukakhudza ilo, chipatso n'kugwira. Tsono mpando wa njuchi uli wopanda munthu. Ndani m'dziko langa amadziwa za njuchi kuposa onse?"

Maso onse anatembenukira pamendulo ija.

"Kamtedza, kuyambira lero ndiwe Njuchi Yaikulu ya Ufumu. Nyumba ya boma ukukhalayo ndi yako mpaka imfa. Munda uliwonse umene uitane, upiteko, ukagwire ntchito maluwa asanafote."

A Kamtedza anagwada n'kuthokoza, ndipo kuthokozako kunali kochokera pansi pa mtima. Nyumba inali itapulumuka, khonde lake, mpope wake, mpaka imfa! Anawasokera yunifolomu ya mizere yachikasu ndi yakuda, imene inagwira bwino kamimba kaja. Anawapatsa njinga ndi nthenga ya nkhanga ya boma. Anabwerera ku Sesani akuimba mluzu, ndipo atafika anasisita chipupa cha nyumba yawo ngati ng'ombe imene inasochera.

Uthenga woyamba anabwera nawo Nazimbiri kuchokera kumsika.

"Bambo a Mtisunge, munda waitana."

"Wa ndani?"

"Achimwene akuti chiluwe chamasula."

A Kamtedza anakhala pansi. Anafunsa ngati panalibe munda wina woitana, ngakhale wa kumalire a dziko. Nazimbiri anati yambiri iitana ndithu, koma a kwa Dikirani anamva lamulolo pawailesi n'kutumiza munthu nthawi yomweyo. Kukana kunali kuphwanya lamulo, ndipo wophwanya lamulo amatuluka m'nyumba ya boma dzuwa lisanalowe.

Chiluwe chimatsegula m'mamawa n'kutseka dzuwa likakwera, choncho analawirira, Nazimbiri ali pakaliyala. Anafika mame asanakamuke n'kupeza mudzi wonse uli m'mbali mwa munda, ena atabwera ndi mipando. Okalamba amene anamva kulumbira kuja anasungiridwa malo kutsogolo. Filimoni, imvi zili mbuu, anabwera kudzawalandira njinga ndi manja awiri.

"Takulandirani, alamu. Tinati tikusungirani, si uwu? Yambirani apa, mukalekezere pachulu icho."

Maungu amayanga pansi, ndipo palibe munthu anafikapo pachiluwe ataimirira. A Kamtedza anayang'ana anthu, anayang'ana munda, anaganiza za malata ofiira. Kenaka anatulutsa nthenga m'thumba n'kuwerama.

Palibe anawalavulira, anthu a kwa Dikirani ndi aulemu. Anangokhala akuonerera mizere yachikasu ndi yakuda ikukwawa pakati pa masamba, kuchoka paduwa ili kupita paduwa ilo.

"Mwadumpha ili, bambo a Mtisunge," anatero Nazimbiri akuloza ndi phazi.

A Kamtedza anabwerera n'kulikhudza.

"Alamu," anaitana Filimoni ali pampando wake, "si kuti tikudandaula ayi. Koma anzanu munawalowa m'malo aja ankagwira akuimba."

Kenaka, pansi pa masamba a maungu, panayamba kumveka kung'ung'uza kwapansipansi, konjenjemera pang'ono, pakuti a Kamtedza chiyambire ntchito sanakanepo malangizo.

"Eya, tsopano zikumveka," anatero Filimoni akugwedeza mutu. "Za uchi tikambirana mukaweruka."